Wolakwa wa Dziko Lonse la Sitilakwa

Mukadutsa phiri la Musandifunse n'kuwoloka mtsinje wa Tidzakonza, ndiye kuti mwafika mu ufumu wa Sitilakwa. Powolokapo mupindiretu buluku kapena kukweza chitenje, chifukwa mlatho wake ukupuma. Chonde, ndapota nanu, musakanene kuti unagwa. Ku Sitilakwa kulibe chinthu chimene chimagwa, kuthyoka kapena kufa. Mijigo imapuma, misewu imapuma, ndipo denga la sukulu likasasuka ndi mphepo amati lapita kokayenda. Lamulo loyamba la dzikolo ndi lalifupi, ana amaliloweza asanadziwe n'kupukuta mamina komwe: munthu wa ku Sitilakwa salakwa. Tsono poti chinthu sichiwonongeka popanda wochilakwira, ndiye kuti chowonongeka palibe. Nanga chosawonongeka muchikonza bwanji? Nzeru zimenezi anazitulukira ndi agogo ake a Mfumu Ndanenandanena Wachiwiri, ndipo mdzukuluyo anazisunga bwino kuposa mmene anasungira mlatho.

Chaka china achinyamata a m'maiko oyandikana nawo, anthu ogwira ntchito popanda wowalipira, anapanga pulogalamu ya pafoni yoti munthu akaona mjigo wofa kapena mlatho wogwa azidziwitsa akuluakulu. Anaisiya poyera, yaulere: aliyense aitenge, aigwiritse ntchito, asuzumire m'kati mwake, akaona pokhota awongole. Mfumu Ndanenandanena itamva kuti mafumu anzake akutamandidwa chifukwa cha chinthu chimenechi, nsanje inaigwira pakhosi. Inalamula kuti nayonso ikufuna yake, ndipo ikufuna dzulo.

Ntchitoyo inagwera a Indebwana, Nduna ya Zoona Zokhazokha, bambo amene khosi lawo linazolowera kuvomera mwakuti ankagwedeza mutu ngakhale ali okhaokha m'bafa. A Indebwana anazula mabatani onse odandaulira n'kusiya limodzi lokha lolembedwa kuti "Zili bwino." Pulogalamuyo inali ndi buku lake la malangizo lokhala pa intaneti, ndipo tsiku lotsegulira, m'malo modula kansalu ndi sizasi, Mfumu inataipa yokha mzere woyamba wa bukulo. Inataipa ndi chala chimodzi, chamkombaphala, amayi akuvina, ng'oma zikulira, ndipo liwu limodzi lokhalo linatenga nthawi yokwana kuwiritsa chinangwa mpaka kupsa. Amati chala chimodzi sichiswa nsabwe, koma chimenechi chinatsala pang'ono kuswa dziko.

Panali zinthu ziwiri zimene a Indebwana analephera kuzula, chifukwa zinabwera zomatirira kubukulo. Choyamba, munthu wina aliyense ankatha kutumiza pempho losintha mawu, ndipo pempholo linkaonekera kwa anthu a dziko lonse lapansi. Chachiwiri, bukulo silinkaiwala: pambali pa mzere uliwonse linkaonetsa dzina la mwini mzerewo. Nduna zinachikonda chachiwirichi koopsa. Mfumu inali italengeza kuti aliyense wokongoletsa bukulo azilandira tisheti ya nkhope yake, ndiye nduna zinkapikisana kuwonjezera mayina aulemu, uyu "Mkango," uyu "Mkango wa Mikango," winayo "Mkango Umene Mikango Imaupempha Moto," mpaka buku la masamba khumi linatupa n'kufika masamba mazana asanu ndi anayi. Nduna ina inkavala matisheti anayi nthawi imodzi m'mwezi wa Okutobala. Malangizo enieniwo analimo ndithu penapake, ngati nyama m'ndiwo za kumaliro.

Tsono tiyeni kumsika wa Tingopirira. Pakona, pansi pa mtengo wa mbawa, panali kashopu ka malata asanu ndi limodzi ka mayi Velentina Namaseko, wotaipa makalata. Ofunsira ntchito, oitanira ku ukwati, olengeza maliro, onse ankadutsa m'zala zawo. Kashopuko anakamanga ndi njerwa zoumba okha amuna awo atapita kukapuma kosabwerera kuja, ndipo kwa zaka khumi ndi ziwiri ndimo munkachokera chakudya cha iwo ndi ana awo awiri. ANamaseko anali mayi wofatsa, wosaputa munthu, koma anali ndi nthenda imodzi yosamva mankhwala: akaona chilembo chitasowa pamalo pake, zala zinkawayabwa. Ankatha kuima pamsewu kumayang'anitsitsa chikwangwani cholembedwa mokhota mpaka minibasi kuwasiya.

Mjigo wa pamsikapo unali utapuma zaka ziwiri, ndipo amayi ankakatunga ku Tidzakonza, pomwe ng'ombe zimamwera. Lamlungu lina masana aNamaseko anatsegula buku lija pakompyuta yawo, kufuna kuona ngati pali njira yaulemu youzira akuluakulu kuti mjigowo wapuma mokwanira. Sanapite patali. Mzere woyamba weniweniwo unati: "Takulandrani."

"A Kachigamba," anaitana telala wa khomo loyandikana nawo, "tabwerani mudzaone. Pano pasowa chilembo."

A Kachigamba, mkulu wa magalasi omanga ndi ulusi, anasuzumira singano ili pakamwa. "Sichinasowe, mayi. Chikupuma."

"Mawu oyamba enieni, olandirira alendo! Anthu akunja akutiyesa chiyani?"

"Akutiyesa anthu amoyo, ndipo tiyeni tikhalebe otero. Tsekani chimenecho."

Koma zala zinali zitayamba kale kuyabwa. A Kachigamba atangobwerera kumakina awo, aNamaseko anabwezera chilembocho pamalo pake, nalemba pansi mwaulemu kuti, "Panasowa chilembo chimodzi, ndachibwezera," n'kudina batani lotumizira. Ntchito yonse sinakwane mphindi ziwiri. Dzina la pambali pa mzerewo sanaliyang'ane n'komwe. Safunsa anadya phula, abale anga.

Lolemba m'mamawa kunafika asilikali awiri kudzatenga aNamaseko, akukankha njinga imodzi, poti tcheni chake chinali chikupuma. Mwambo wa dzikolo unali wakuti munthu amene pempho lake lili kubwalo azikhala pa Benchi ya Odikira, ku likulu la Mawatiyamba, kuyambira dzuwa likamatuluka mpaka kulowa, tsiku ndi tsiku, kufikira atayankhidwa. Zikanakhala zokhazo akanati n'kupumulako. Koma msika nawo unali ndi lamulo lake. Kashopu kamatsegulidwa ndi mwini wake yekha, nthawi ya msika, ndipo kakakhala kotseka masiku asanu ndi awiri otsatizana kamaperekedwa kwa wina. Paja ku Sitilakwa munthu sadwala kapena kugwa m'mavuto. Akatseka ndiye kuti wakhuta. Tsiku lachisanu ndi chiwiri chitsulo chotsekera msika chikalira loko akadali pachitseko, basi, kashopu kapita.

ANamaseko anakhoma loko. Atacheuka anaona mlamu wa a Indebwana, amene kwa nthawi yaitali ankasirira pakonapo kuti azigulitsapo zithunzi za Mfumu, akuyeza khonde lawo ndi mapazi. Apo mantha anawagwira zenizeni.

Benchi ya Odikira inali pansi pa zenera la Nyumba ya Mavomerezo, momwe nduna zimakumana, choncho aNamaseko ankamva zonse. Lachiwiri nduna zinaitana a Lufeyo, mlonda wa bukulo, bambo woonda wa maso ofiira amene ntchito yawo inali kuvomereza mapempho onse obwera.

"Tiuzeni mwachidule, a Lufeyo," anatero a Indebwana. "Mayiyu akufuna tisheti ya saizi yanji?"

"Sakufuna tisheti, Bwana Nduna. Sakukongoletsa ayi. Akukonza."

Nduna ya Misewu Yopuma inatsamwa ndi tiyi.

"Akukonza mzere wa ndani?"

A Lufeyo anangoloza chithunzi chachikulu cha pakhoma. Panja pa zenera aNamaseko anagwira kumutu. "Mayo ine," ananong'ona, "ndaputa mavu pachisa pawo."

"Mabatani alipo awiri okha, mabwana," a Lufeyo anafotokoza. "Ndikadina lovomera, bukuli lilemba lokha kuti mzere wa Mwini Dziko wakonzedwa ndi mayi wa kumsika. Ndikadina lokana, ndiyenera kulemba chifukwa chake, ndipo dziko lonse lapansi liwerenga kuti ku Sitilakwa takana chilembo."

"Ndiye fufutani dzinalo!"

"Bukuli analikopera kale m'maiko khumi ndi awiri, bwana. Tikafufuta kuno, kumeneko lilipobe, ndipo adzayamba kufunsa chimene tafufutira."

Khoswe anali atakhala pamkhate. Nduna zinayang'anizana, n'kugwirizana chinthu chimodzi chokha: Mfumu isauzidwe. Ndiye m'mawa uliwonse Mfumu ikamadutsa n'kuona mayi atakhala pabenchi nkhope ili yakugwa, inkati ndi mmodzi wa anthu ofooka ndi chikondi cha mfumu yawo, n'kumawabayibitsa ndi kansalu.

Lachitatu nduna zinapeza wopalamula. Zinatuma asilikali kukagwira kiyibodi, kathabwa ka zilembo kamene Mfumu inataipira tsiku lija. Anabwera nayo atainjata ndi chingwe cha mbuzi, naiika pampando wa oimbidwa mlandu. Nduna ya Chilungamo Chathu inaifunsa mafunso kwa maola atatu, ndipo kusayankha kwake kunalembedwa kuti ndi mwano. Chigamulo chili pafupi kuperekedwa, a Lufeyo anatsokomola n'kukumbutsa bwalo kuti tsiku lotsegulira lija Mfumu, chifukwa cha chisangalalo, inapatsa kiyibodiyo unzika wa Sitilakwa pamodzi ndi mendulo. Nzika silakwa. Anaimasula, ndipo poti kupepesa kunali kosatheka, anangoiveka tisheti.

"Ngati si kiyibodi," inatero Nduna ya Mitambo, imene inali isanalankhulepo chaka chonse, "ndiye kuti ndi chala."

"Chala cha ndani?" anafunsa a Indebwana mofatsa.

Nduna ya Mitambo inapempha kuti ikataye madzi. Mpaka lero sinabwerebe.

Lachinayi aNamaseko anagwada pakhomo a Indebwana akutuluka. "Bwana Nduna, ndingolichotsa pempholo. Chilembo chizipuma mmene chikufunira, ine ndikatsegule kashopu kanga. Ana anga akudya kwa aneba."

"Zabwino kwambiri, mayi! Ingolembani chifukwa chake."

"Ndilemba kuti ndinatumiza molakwi..."

"Shii!" A Indebwana anayang'ana uku ndi uku. "Mayi, ndinu nzika ya Sitilakwa kapena ayi? Ngati munatumiza, munatumiza bwino. Chotumizidwa bwino sichichotsedwa. Khalani pansi, komiti ikuona."

Komitiyo inanyamuka Lachisanu m'mawa pa magalimoto asanu ndi anayi kupita ku hotela ya paphiri la Musandifunse, kukakambirana mtundu wa faelo yoikamo nkhaniyo, kaya ikhale yobiriwira kaya yachikasu.

Tsiku limenelo dzuwa litangolowa aNamaseko anadzera kumsika. Chitsulo chinali chitalira kale, ogulitsa otsalira akulongedza. Mayi wina wa tomato anawakuwira, "Mwabwerako kokonza dziko? Mukamaliza mudzayambe tomato wangayu, nayenso wayamba kupuma!" Anthu anaseka, koma kuseka kwachisoni, kwa anthu odziwa kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Pofika pakona anapeza chitseko chawo chitapakidwa penti yatsopano, ndipo pakhoma patakhomedwa misomali yopachikapo zithunzi. Loko yekha ndiye anali wawo. Anakhala pakhonde n'kulira, kulira kwenikweni kwa misozi ndi mamina, chifukwa njerwa iliyonse ya kashopuko ankaidziwa ndi manja awo.

A Kachigamba sanawatonthoze. Anangotulutsa chibuluku chachikulu, chong'ambika kumbuyo kuchokera m'chiuno mpaka pansi, nachitambasula.

"Mukulidziwa buluku ili, mayi? La Nduna ya Zokolola Zochuluka."

"Lang'ambikatu," anatero aNamaseko akupukuta m'maso.

"Pang'onopang'ono, makoma ali ndi makutu. Nduna sinenepa, ndipo buluku la nduna siling'ambika. Akabwera nalo amangoima apo, thukuta lili kamukamu, osadziwa ponenera. Ndiye ine ndimasendera n'kuwanong'oneza kuti, 'Pepani bwana, ndinasoka mothina ndine.' Pomwepo nkhope imawala. Amandikalipira pang'ono, amandikhululukira, ine n'kuika chigamba, munthu n'kupita atabisa ulemu wake. Zaka makumi atatu ndikudya za ntchito imeneyi. Wamkulu safuna womukonza, mayi. Amafuna womusenzera."

ANamaseko anasiya kulira. Anayang'ana bulukulo nthawi yaitali, kenako anayang'ana zala zawo.

Loweruka m'mawa anadikirira a Lufeyo pakhomo. "Achimwene, tandiuzani. Dzina la pambali pa mzere limakhala la ndani kwenikweni?"

"La amene waukhudza komaliza, mayi. Mayina akale amatsikira pansi. Alipo ndithu, koma ndani ali ndi nthawi yofukula?"

"Nanga ine nditaika kadontho kumapeto kwa mzere uja? Osakonza kanthu ayi, kungokongoletsa."

"Zokongoletsa ndimavomereza ndisanamwe n'tiyi yemwe. Dzina lanu likwera pamwamba."

"Ndiye mzere wolumalawo ukhala wanga."

"Ukhala wanu." A Lufeyo anaima kaye, maso ofiira aja n'kutong'oka. "Ndipo Mwini Dziko atakonza yekha mzere wanuwo, pempho lanu lidzitsekera lokha, poti chokonza chatha! Koma mayi, mukudziwa kuti muyenera kunena mawu oletsedwa aja, ovomera kulakwa? Osati monong'ona. Pabwalo, anthu onse akumva."

"Chilango chake n'chiyani?"

"Palibe akudziwa. Sichinalembedwe, poti palibe analakwapo. Mwina tisheti, mwina kukuponyerani kutsidya kwa Tidzakonza, inu ndi ana omwe."

ANamaseko anawerenga masiku ndi zala. Mawa linali tsiku lachisanu ndi chiwiri. "Ndipatseni kompyutayo," anatero, naika kadontho kawo.

A Indebwana atabwerako kuphiri masana, faelo yachikasu ili kukhwapa, anamva nzeruyo n'kulengeza pomwepo kuti ndi imene komiti inagwirizana. Anathamangira kwa Mfumu kukanena kuti nzika ina yadetsa mzere wachifumu, ndipo palibe chimene chingauchiritse koma chala chomwe chija. Mfumu inayang'ana chala chake mwachikondi, n'kulamula mwambo waukulu.

Mwambowo unayenera kuyamba Lamlungu nthawi ya teni. Mfumu inafika thu koloko. Chitsulo cha kumsika chimalira faifi, ndipo kuchokera ku Mawatiyamba kukafika ku Tingopirira ndi mtunda woti munthu wothamanga amafika lilime lili panja. ANamaseko anagwada pakati pa bwalo, diso limodzi kwa Mfumu, lina kumthunzi wa mbendera umene unkangotalikira.

"Anthu anga!" inayamba Mfumu. "Ine ndanena, ndipo ndanenanso, ndipo zimene ndanenazo ndinazinena kale ndisanazinene! Agogo anga sanalakwe. Bambo anga sanalakwe. Ine ndinabadwa tsiku loyenera, nthawi yoyenera, mutu uli kutsogolo!" Amayi analulutira. Mfumu inafotokoza mbiri ya chala chake kuyambira chili chaching'ono, mmene chinalozera malo omanga nyumba yachifumu, mmene chinaopsezera dzombe. Inamaliza mthunzi wa mbendera utafika pamapazi a oimba ng'oma.

"Tsopano mayiyu alankhule," anatero a Indebwana.

Mawu oletsedwa aja aNamaseko anali asanawatchulepo chibadwire, ngakhale kwa malemu amuna awo. Anaganiza za misomali ija pakhoma la kashopu kawo, n'kukweza mutu.

"Ndinalakwa ndine, Mwini Dziko. Mzere wanu ndinaukhudza ndi zala zanga zoyabwazi. Pepani."

Ng'oma zinaleka. Wogulitsa nzimbe anagwetsa mtolo wake. Nduna zinatseka makutu, koma mosiya mpata kuti zimveko. Mfumu nayo inangoti kakasi, chifukwa chikhalire pampando palibe munthu anaipepesapo. Inawerama n'kufunsa a Indebwana chapansipansi, "Tsopano ndimatani?"

"Mumakhululuka, Mwini Dziko."

"Amatero bwanji?"

"Mumakweza dzanja, n'kupendeketsa mutu pang'ono, n'kunena kuti zatha."

Mfumu inakweza dzanja, inapendeketsa mutu, inati, "Zatha." Khamu lonse linaphulika ndi nthungululu zimene Mfumuyo inali isanazimvepo, zochokera m'mimba osati zogula ndi tisheti. Ha, kukoma kwake! Mfumu inamva kutsekemera mpaka m'mano.

"Tabwerezani, mayi," inatero.

ANamaseko anabwereza. Inakhululukanso, ulendo uno ndi dzanja lamanzere. "Kamodzinso, ojambula sanajambule bwino." Anabwereza kachitatu, mtima uli kumsika. Ndipo Mfumu, poona kuti chinthu chokoma chotere sichingathere tsiku limodzi, inaimirira n'kulamula kuti kuyambira tsiku limenelo mayi Velentina Namaseko ndiye Wolakwa wa Dziko Lonse. Iwo okha ndiwo ololedwa kulakwa mu Sitilakwa, ndipo cholakwa chilichonse chopezeka m'dzikomo n'chawo.

Kenako anabweretsa kiyibodi ija, itavala tisheti yake. Chala chachifumu chinakwera m'mwamba n'kuyamba kuzungulira pamwamba pa zilembo, kupita kumanzere, kubwerera kumanja, kuima, kukanda mphuno, kuyambiranso. ANamaseko zala zinawayabwa mpaka anazikhalira. Kuloza ndi dzanja sakanatha, paja mfumu salozeredwa. Ndiye anatalikitsa mlomo, monga amachitira mayi poonetsa mwana pomwe pali chikho, nauloza pachilembocho. Mfumu inatsatira mlomowo mwakabisira. Chala chinatsika.

"Pempho latsekedwa!" anafuula a Lufeyo, misozi ili m'maso.

Mmene nduna zinkabwera ndi tisheti yawo, aNamaseko anali atapita kale. Anavula nsapato, anakweza chitenje, anathamanga mayi uja mmene sanathamangirepo chichokere kusukulu. Koma dzuwa linali litapendeka kwambiri, ndipo ali m'njira anadziwa kuti faifi yadutsa. Anathamangabe akulira, kuti mwina akangoona kashopu kawo komaliza.

Atafika anadabwa kupeza msika uli wotsegula. Pakona paja mlamu wa a Indebwana ankapondaponda pansi, zithunzi za Mfumu zili mtolo pamutu, akukuwa kuti nthawi yakwana kalekale. Ndipo kuseri kwa katani ya a Kachigamba kunkamveka mawu a woimba chitsulo cha msika.

"A Kachigamba! Buluku langa, chonde! Munati batani limodzi lokha!"

"Ndinati limodzi, bwana, koma nditaliona bwino ndapeza kuti msoko wonse ukufuna kuyendera. Simungapite kukaimba chitsulo cha boma muli choncho, amayi ali ponseponse."

"Ola lathunthu ndili muno!"

"Ulusi ukupuma, bwana."

ANamaseko analowetsa kiyi, loko anati khethe, chitseko chinatseguka. Anangodzigwetsa pampando wawo, wefuwefu, n'kukumbatira kompyuta yawo ngati mwana wobwera kuchipatala. A Kachigamba analuma ulusi ndi mano, nakweza bulukulo. "Latha," anatero.

Masiku awiri otsatira palibe anabwera kudzataipitsa kalata. Anthu ankadutsa chapatali, ena akulavula, poopa kuti kulakwa n'kopatsirana. ANamaseko anayamba kuganiza kuti apulumutsa kashopu koma aphetsa malonda. Tsiku lachitatu m'mawa mayi wa tomato uja anafika ndi anzake asanu, zidebe zili m'manja. Anaima pakhomo akukankhana ndi zigongono.

"ANamaseko," anayamba wa tomato, maso ali pansi, "tangobwera kudzafunsa. Kodi mjigo wathu uja... simunauwononge ndinu?"

ANamaseko anawayang'ana. Anayang'ana zidebezo, ndi miyendo ya amayiwo yotuwa ndi matope a ku Tidzakonza.

"Ndine," anatero. "Ndinauwononga ndine. Dikirani nditaipe."

Kalata inapita ku Mawatiyamba. Mfumu inakhululuka mosangalala, ndi manja onse awiri. Ndipo poti tsopano wolakwa analipo, ndiye kuti chowonongeka chinaliponso, ndipo chowonongeka chimakonzedwa. Pasanathe masiku atatu amisiri anafika, n'kupeza kuti chimene chinapumitsa mjigowo zaka ziwiri chinali kamphira kamodzi kakang'ono ngati khutu la mbewa. Madzi anatuluka. Amayi anavina mpaka kuterera.

Mbiri inawanda. Aphunzitsi anabwera kudzafunsa ngati si aNamaseko anasasula denga la sukulu. Anali iwo. A kuchipatala anabwera ndi nkhani ya ambulansi yopuma pamiyala. Analinso iwo, ndipo matayala onse anayi. Mkulu wina wa kutsidya anabwera kudzafunsa za mlatho.

"Koma mlathowo unagwa ine ndisanabadwe, bambo."

"Ndiye kuti munayamba kale, mayi," anatero mkuluyo atavula chipewa. "Mulungu akudalitseni."

Anthu anachuluka mwakuti a Kachigamba anakhoma benchi pansi pa mbawa uja, n'kumagawa manambala. Mlatho uli pamndandanda, n'chifukwa chake ndinakuuzani kuti mupindiretu buluku.

Mvula yoyamba itagwa, galimoto yakuda inaima kuseri kwa msika. Munatuluka a Indebwana, atavala magalasi akuda ndi chipewa chophimba nkhope, ngati kuti pali munthu mu Sitilakwa amene sadziwa khosi logwedezeka lija. Anadutsa benchi yonse n'kukalowetsa mutu pazenera la kashopu.

"Mayi Wolakwa," ananong'ona, "pali kankhani kachangu. Denga la Nyumba ya Mavomerezo layamba kulowetsa alendo. Madontho akugwera pampando wanga weniweniwo. Dzulo ndavomereza malamulo atatu nditafunda ambulera. Kodi si inu munabowola?"

ANamaseko sanasiye kutaipa. "N'kutheka ndithu, Bwana Nduna. Masiku ano ndikulakwa kwambiri."

"Ndiye lembani msanga, galimoto ikundidikira."

"Pempho lanu lalandiridwa, bwana." Anang'amba kapepala, nalembapo nambala, nawapatsa ndi manja awiri, mwaulemu wonse. "Khalani pabenchipo. Patsogolo panu pali mijigo makumi anayi ndi mlatho umodzi."